Bwalo likakula, anthu abwerera bwanji kwawo?

Kwa miyezi ingapo tsopano, ife ochemerera timu imodzi takhala tikukangana za nkhani yokulitsa bwalo lathu. Ena akuti timu yotchuka singamasewere pa bwalo limene limadzadza tsiku lililonse la masewero akuluakulu, moti anthu ambiri amabwerera pa chipata opanda tikiti. Ena akuti mipando imene ilipo kale imakhala yopanda anthu pamene tikusewera ndi matimu ang'onoang'ono, ndiye kuwonjezera ina n'kungotaya ndalama zimene zikanagula osewera. Ndamvetsera mbali zonse ziwiri ndi chidwi, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti onsewo amawerenga mipando, koma palibe amene amawerenga mabasi, sitima, misewu ndi zipata zimene zimabweretsa anthu ku mipandoyo n'kuwabweza kwawo.

Usiku wina masewero atatha, ndinaima pa mzere wodikira basi pafupi ndi bambo wina wachikulire amene anabwera ndi mdzukulu wake wa zaka mwina zisanu ndi ziwiri. Tinali titapambana, ndipo mwanayo anatuluka m'bwalo akuimba, mbendera ya timu ili m'khosi. Basi yoyamba inafika itadzadza kale ndipo siinaime. Yachiwiri itaima, anyamata amphamvu anakankhana pa khomo, ndipo agogowo anakokera mwanayo kumbuyo kwawo kuti asapondedwe. Patapita nthawi yoposa ola, mwana uja anali atasiya kuimba, atagona chiimire, mutu uli pa ntchafu ya agogo ake. Bamboyo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti: "Achimwene, mpira ndimaukonda kuyambira ndili mwana, koma uku n'kuzunza mwana wa eni." Sindinawaonenso pa bwalo kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndikamamva anzanga akufunsa chifukwa chimene anthu sabwera ku masewero a pakati pa sabata, ndimakumbukira nkhope yawo.

Munthu akamaganiza zopita kukaonera mpira, saganiza za mphindi 90 zokha. Amaganiza za nthawi imene adzanyamuke ku ntchito, za ndalama zoyendera, ndiponso ngati adzapeze chokwera masewero akatha mochedwa chifukwa choti a wailesi yakanema anasuntha nthawi yoyambira kuti igwirizane ndi mapulogalamu awo. Ulendo ukakhala wowawa, oyamba kusiya kubwera ndi okalamba, amayi amene ali ndi ana, anthu olumala ndi amene amakhala kutali. Amatsala ndi anyamata okha amene ali ndi mphamvu zokankhana ndi zoyenda pansi usiku. Choncho mpando wopanda munthu suuza aliyense kuti timu ilibe ochemerera, pakuti nthawi zambiri mwini wake ali kunyumba, akuonera pa kanema chifukwa anatopa ndi msewu.

Ngakhale chiwerengero cha anthu chimene makalabu amalengeza chiyenera kuonedwa mosamala. Makalabu ambiri, makamaka ku England, amalengeza matikiti amene agulitsidwa, kuphatikizapo a anthu amene analipira chaka chonse, m'malo mwa anthu amene adutsadi pa chipata. Amene akufuna bwalo lalikulu amatenga nambala imeneyi ngati umboni, pamene amene anali m'bwalomo anaona ndi maso awo mizere ya mipando yopanda anthu.

Pali zitsanzo zimene ndimafuna kuti anzanga azidziwe tisanapitirize kukangana. Timu ya Darlington ku England inalowa m'bwalo latsopano la mipando 25,000 mu 2003, pamene anthu amene ankabwera ku masewero ake anali zikwi zochepa chabe. Akuluakulu a boma a m'deralo analamula kuti bwalolo lisamalandire anthu oposa 10,000 chifukwa misewu yopita kumeneko inali yosakwanira, ndipo mu 2012 timuyo inachoka pa bwalolo itamira mu ngongole. Juventus ya ku Italy inachita zosiyana ndi zimenezi. Inkasewera pa Stadio delle Alpi, bwalo la anthu pafupifupi 69,000 limene linamangidwira World Cup ya 1990, koma ochemerera ankalida chifukwa msewu wa othamanga wozungulira bwalo unkawaika kutali ndi osewera, ndipo kawirikawiri linkakhala lopanda anthu okwanira. Kalabuyo inaligumula n'kumanga pamalo omwewo bwalo la anthu pafupifupi 41,000, limene linatsegulidwa mu 2011, ndipo bwalo laling'onolo ndi limene linayamba kudzadza.

Sindikutsutsa kukulitsa bwalo. Pali makalabu amene akufunikadi malo ambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mwana amene wakonda timu kwa zaka zambiri asanalowepo m'bwalo lake chifukwa matikiti amatha asanafike kwa anthu wamba. Arsenal inachoka ku Highbury, kumene kunkalowa anthu pafupifupi 38,000, n'kupita ku Emirates Stadium ya anthu pafupifupi 60,000 mu 2006, ndipo mipandoyo inapeza eni ake. Komabe ngakhale ku London, mzinda wa sitima zambiri, masiteshoni awiri a pafupi ndi bwalolo, Holloway Road ndi Drayton Park, amatsekedwa kapena kuchepetsedwa ntchito pa masiku a mpira chifukwa sangathe kulandira khamu lotere nthawi imodzi, ndipo anthu amatumizidwa ku masiteshoni ena. Everton ya mu mzinda wa Liverpool itasamukira ku bwalo latsopano la ku Bramley-Moore Dock mu 2025, nkhani imene inavuta kwambiri pakati pa ochemerera inali ya siteshoni yaing'ono ya Sandhills, imene ndi yapafupi kwambiri ndi bwalo la anthu oposa 50,000. Ngati mizinda ya chuma chotere imavutika ndi funso limeneli, ife tingalisiye bwanji kuti tidzaliganizire makoma atamangidwa kale?

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi choti nkhani ya mayendedwe imakhudza miyoyo. Anthu akachedwa pa msewu amafika pa chipata onse nthawi imodzi, masewero atatsala pang'ono kuyamba, ndipo akamva phokoso la m'kati amayamba kukankha. Ku bwalo la Hillsborough mu mzinda wa Sheffield ku England, pa 15 April 1989, khamu linaunjikana kunja kwa zipata zochepa za mbali ya Leppings Lane, apolisi anatsegula chipata chachikulu chotulukira, ndipo anthu anakhamukira m'zigawo zimene zinali zodzadza kale; anthu 97 anataya miyoyo chifukwa cha tsiku limenelo. Ku Ellis Park mu Johannesburg, pa 11 April 2001, anthu 43 anafa pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates pamene khamu loposa malo a m'bwalo linkalimbana kuti lilowe. Ndipo pa 28 May 2022, pa ndime yotsiriza ya Champions League pakati pa Liverpool ndi Real Madrid ku bwalo la Stade de France pafupi ndi Paris, kunyanyala ntchito pa njanji ya RER B kunachititsa kuti ochemerera ambiri akwere njanji ya RER D, imene inawatulutsira ku njira yopapatiza yosakonzedwera anthu ochuluka chotero. Anthu anapanikizana kwa maola, apolisi anawathira utsi wokhetsa misozi, ndipo masewero anachedwa kuyamba ndi mphindi zoposa 30. Bwalo linali lamakono, mipando inali yokwanira aliyense wa tikiti, koma vuto linayambira pa siteshoni.

Pali kumene anaiganizira bwino nkhaniyi. Ku Germany makalabu ambiri ali ndi mgwirizano ndi makampani a mabasi ndi sitima za m'dera lawo, moti tikiti ya mpira imagwiranso ntchito ngati tikiti yoyendera pa tsiku la masewero. Borussia Dortmund, imene bwalo lake limalandira anthu oposa 81,000, ndi imodzi mwa makalabu amenewa, ndipo Brighton ku England inatsatira njira yofananayo pa bwalo lake la ku Falmer limene linatsegulidwa mu 2011 pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ubwino wake suli pa ndalama zokha. Kalabu ikalipira nawo ulendo wa wochemerera, imakhala ndi chifukwa chokhalira pansi ndi oyendetsa mabasi ndi sitima, kuwauza nthawi ya masewero, kupempha magalimoto owonjezera ndi kufunsa pamene sanabwere. Ulendowo umasanduka udindo wa kalabu, pamene kwina konse udindo wake umathera pa chipata.

Ena mwa anzanga amayankha kuti vutoli lingathe pokonza malo aakulu oimika magalimoto. Ndikumvetsa chifukwa chake amatero, koma aliyense amene anakhalapo m'galimoto kwa ola lathunthu akudikira kutuluka pa khomo limodzi lopita ku msewu umodzi akudziwa kuti magalimoto zikwi zingapo sangachoke pamalo amodzi nthawi imodzi. Komanso wochemerera amene ndikumudera nkhawa alibe galimoto. Tisaiwalenso anthu okhala pafupi ndi bwalo, amene misewu yawo imatsekeka ndipo makomo awo amatchingidwa ndi magalimoto a alendo. Iwowa ndi amene amakaniza mapulani okulitsa bwalo akaona kuti palibe amene anawafunsa.

Mwezi wamawa akuluakulu a kalabu aitana ochemerera ku msonkhano kuti ationetse zithunzi za mmene bwalo lidzaonekere, ndipo ndikudziwa kuti zidzakhala zokongola. Ine ndakonzeka kupita ndi mafunso anga olembedwa pa pepala. Ndikufuna kudziwa kuchuluka kwa zipata zimene ziwonjezedwe, mphindi zimene bwalo lodzadza lidzatenge kuti anthu onse atuluke, ndiponso ngati kalabu yakambirana kale ndi oyendetsa mabasi za masewero a usiku. Akayankha momveka, ndidzakweza dzanja kuvomereza mipando yatsopanoyo ndi mtima wonse. Akanena kuti zimenezo zidzakambidwa bwalo likatha, ndidzawauza za agogo aja ndi mdzukulu wawo, ndipo ndidzapempha kuti mawu anga alembedwe m'buku la msonkhano kuti ndakana.