Patapata ndi chiwongolero sizigwirizana

Abale oyendetsa galimoto, tatiyeni tikambirane za kumapaziku. Kutentha kwa Okutobala ndikukudziwa, koma patapata sizoyendetsera. Ilibe chogwira chidendene, ndiye mukuchotsa phazi pa moto kuti muponde buleki iyo yavuka kapena yapindika pansi pa pedo, apo kutsogolo minibasi yaima mwadzidzidzi kuti itole munthu mmene amachitira mu Limbe muja.

Azimayi a gogoda nanunso mumve. Poyendetsa chidendene chimayenera kukhazikika pansi kuti phazi lizisuntha bwino, pa gogoda chimangolendewera. Valani ya fulati, gogodayo mukavalire pa ukwati pomwepo, bola poyenda ikhale kumpando wakumbuyo osati kumapazi kwanu, imagubuduka.

Majombo ndi ma safety boot ndiye kaya, ndi otakata moti ukhoza kuponda buleki ndi moto limodzi, soli yake yokhuthala sumva nkomwe kuti kilatchi ikugwira pati. Ine ndimakonda kanivasi wamba wa soli yopyapyala, zingwe zomanga bwino. M'dzinja matope a pansi pa nsapato muzipala kaye musanalowe, soli yonyowa imaterera pa pedo koopsa.