Mmene ndinachotsera mawu oti ALIEN pa chitupa changa

Lachisanu lapitali ndabwera nacho chitupa chatsopano. Pamene zaka zonsezi panalembedwa ALIEN, tsopano palembedwa CIT, kutanthauza nzika. Ndikulemba mtima usanazizire, chifukwa ku Mufakose, ku Mbare, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa alipo ana a Amalawi ambiri amene akuopabe kuuyamba ulendowu.

Ine ndinabadwira muno mu Harare mu 1974. Bambo anachoka ku Ntcheu mu 1958, nthawi ya chitaganya, atalembedwa ndi a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anayambira ku mafamu a fodya, kenaka anapeza ntchito m'tauni, amayi n'kuwatsatira. Ku Malawi sindinapondeko n'kamodzi komwe, koma kusukulu ankatinena kuti Mabhurandaya, dzina lonyoza Amalawi, chitupa nacho n'kumati ndine mlendo. Lamulo la 2001 loti munthu akane unzika wa dziko la makolo ake litabwera, ife kwathu sitinalimve n'komwe. Tinadzazindikira atatibweza pa mzere wovota.

Ndinali nditazolowera. Chimene chinandidzutsa ndi mwana wanga wamkazi. Bambo ake anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndamuphunzitsa ndi ndalama za tomato ndi rape wa pamsika, ndiye atapeza malo a unamwino anamufunsa chitupa cha nzika. Chake chinatengera changa. Usiku umenewo sindinagone.

Choyamba dziwani ichi, muchisunge pamtima musanakwere kombi: malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye amakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi ali mu SADC. Simukupita kukapempha chifundo kwa munthu.

Ine anandifunsa setifiketi yanga ya kubadwa, yaitali ija yokhala ndi mayina a makolo, chitupa changa chakale, chitupa cha amayi, ndi setifiketi ya imfa ya bambo. Zonsezi ndinali nazo m'chikwama cha pulasitiki chimene amayi amasunga pansi pa matiresi. Ndinaona ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi.

Yalani mapepala onse pamphasa, muwerenge dzina lililonse chilembo ndi chilembo. Ine sindinatero, ndipo n'chimene chinandidyera mwezi wathunthu.

Tsiku loyamba ndinafika pa ofesi ya zitupa 4 koloko m'mawa, mu June, chisanu cholowa m'mafupa. Ndinapeza anthu atagona kale pa makatoni. Anyamata ena amazungulira n'kumanong'oneza kuti mukawapatsa madola asanu akuikani kutsogolo. Musawapatse. Mayi wina amene anali patsogolo panga anapereka, mnyamatayo osaonekanso. Ndinaima mpaka dzuwa kufika paliwombo, m'mimba muli tiyi yekha. Nditafika pawindo, wogwira ntchito pamenepo anangoyang'ana mapepala kamphindi, n'kuloza ndi cholembera. Pa setifiketi yanga bambo analembedwa Phiri. Pa setifiketi ya imfa analembedwa Piri. "Awa ndi anthu awiri osiyana," anatero, osakweza n'komwe maso. Ndinati, "Bambo, chonde, ndi munthu mmodzi, ndinamuika m'manda ndine." Anangoti, "Dzokai mangwana," n'kuitana wotsatira.

Ndibwere mawa ndi chiyani? Izo sanandiuze. Chimenechi ndicho chimandiwawabe mpaka lero. Mawu awiri okha oti kalembetseni afidaviti (pepala lolumbira) akanandipulumutsa masiku atatu. Ndinabwerera mawa lake monga ananenera, kuimanso maola asanu ndi awiri, kuti andiuze zomwezo. Tomato wanga kumsika anaola, kireti yonse. Ndinakhala pakhonde la shopu ina n'kulira ngati mwana, anthu akundidutsa.

Chilembo chimodzicho anachisiya ndi kalaliki wina kalekale, amene analemba dzina mmene analimvera. Nawo mapepala akale a bambo amati Ncheu, Nyasaland, osati Ntcheu, Malawi. Zimenezo sanandivutitse nazo, koma dzina ayi.

Nditafika kunyumba ndinauza amayi kuti basi, ndazisiya. Iwo ali ndi zaka zoposa 80, maso akuchita khungu. Anandigwira dzanja n'kuti, "Mwanawe, mkazi wamasiye uja wa pa Luka 18 anapita kangati kwa woweruza? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukasiya iwe, mdzukulu wangayu alowera kuti?" Tinagwada pambali pa bedi lawo, anapemphera m'Chichewa chakale chija cha ku Ntcheu, kutchula ngakhale munthu wa pawindo uja kuti Mulungu amufewetse mtima. Ine pamenepo sindinathe kunena ameni mokweza, koma ndinadzuka nditapepukidwa.

Ndayiwala kunena za mpingo, ndipo ndi kumene kunachokera njira. Lachinayi ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano ku CCAP kwathu ndinafotokoza zonse. Mayi wina amene anadutsamo kale ndiye anandiuza za afidaviti: pepala lolumbira pamaso pa Commissioner of Oaths kuti Phiri ndi Piri ndi munthu mmodzi. Abusa anatsegula kaundula wa ubatizo, buku lakuda lothetheka m'mphepete, ndipo tinapezamo dzina langa la mu 1974 ndi la bambo lolembedwa bwino ndi inki ya buluu. Anandilembera kalata n'kudinda chidindo cha mpingo. Ngati makolo anu anali a mpingo, pitani kaye kumeneko. Amayi a Chigwirizano anasonkhanso ya kombi, wina dola, wina theka.

Afidaviti yoyamba inakanidwa chifukwa ndinalumbira ndekha. Ankafuna mboni yodziwa bambo, yokhala ndi chitupa chake. Ndalama ina inapita pamenepo. Achimwene anga, amene amawotcherera zitsulo ku Mbare, anatseka ntchito tsiku lonse, n'kubwereka galimoto ya mnzawo kuti tinyamule amayi. Anawabereka kumsana pokwera masitepe. Mwana wanga anali atapita kale usiku ndi bulangete kukatigwirira malo pamzere.

Tsiku limenelo pawindo panali mayi wina. Anawerenga zonse mofatsa, anafunsa amayi mudzi wawo ndi mfumu yawo, amayi n'kuyankha osadodoma. Anandijambula, kutenga zidindo za zala. Makina anazima kamodzi magetsi atathima, tinadikira maola awiri, koma palibe anasuntha.

Tengani mafotokope awiriawiri a pepala lililonse, madola ang'onoang'ono chifukwa chenji kulibe, ndi kanthu kodya. Ndipo ndibwerezenso, werengani mayina chilembo ndi chilembo muli kunyumba, anu, a bambo, a mayi, ngakhale tsiku lobadwa.

Chitupacho nditawapatsa amayi anachisisita ndi chala, n'kundifunsa kuti mawu aja ali pati. Ndinawaika chala pa CIT. Anayamba nyimbo ya chiyamiko, achimwene n'kulandira. Lolemba tikubwereranso pa mzere womwewo ndi mapepala a mwana wanga, ndipo usiku uno tawayala kale pamphasa.