Manja achira, zikomo alamu anga

Abale anga a kuno ku Harare ndi a kumudzi, lero ndatsegulanso saluni. Ndaluka anthu ndi manja anga omwewa, osatuluka magazi. Mulungu alemekezeke!

Ambiri mukudziwa mmene zinalili. Manja onse awiri kutupa, timatuza ta madzi pakati pa zala, kenako khungu kuuma n'kung'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Usiku ndinkangokhalira kukanda mpaka atambala. Mthiko womwe sindinkatha kugwira.

Alamu anga a ku Mufakose, akazi a achimwene, ndiyambire pati? Simunadikire kuitanidwa. Munkakwera kombi m'mamawa kubwera kuno ku Highfield, ana anu mutawasiya kwa oyandikana nawo. Pampopi pakauma, ndinu munkakaima pamzere ku mjigo. Kuchapa inu, kutsuka mbale inu, kusambitsa mwana wanga inu. Mchere wa m'ndiwo utayamba kundiwawa m'ming'alu, munkanditemera nsima n'kundidyetsa ndi dzanja lanu. Ndikulemba izi misozi ili mbwembwembwe.

Ndinunso munaona chimene tonse sitinachione. Munati, "Mlamu, bwanji zimakula mawa lake kapena mkuja mukapaka munthu dayi wakuda?" Ena akuti tipite kwa asing'anga, ena akuti alipo wandichita chipongwe chifukwa cha makasitomala, inu munakana. Munati tikaonane ndi dokotala wa khungu, ndipo ndalama yoyamba inatuluka m'chikwama chanu.

Adokotala anandimata tizigamba pamsana, chilichonse chili ndi mankhwala akeake, ndipo anati pathe maola 48 msana usanyowe. Masiku amenewo munkandipukuta ndi kansalu inu alamu. Atamatula n'kudzaonanso patapita masiku ena, malo amodzi anali atafiira n'kutupa. Anati ndi PPD, mankhwala amene amapezeka mu dayi wa tsitsi, makamaka wakuda. Thupi langa linayamba kudana naye, ndipo likatero silisintha moyo wonse. Zotupa zake zimachedwa kutuluka, tsiku limodzi mpaka atatu, n'chifukwa chake munthu suganizira dayi. Anandiuzanso kuti vuto linali pawiri. Kukhalitsa manja m'madzi, shampu tsiku lonse ndi rilakisa uja woluma wowongolera tsitsi zinali zitachotsa kale mafuta achibadwa a pakhungu, ndiye dayi anangolowa mosavuta. Anandipatsa mafuta a betamethasone odzola kwa kanthawi kochepa, ndi lamulo loti Vaseline asamandichoke. Adokotala ndi anamwino amene munandilandira bwino, Ambuye akudalitseni.

Amayi a Chigwirizano ku mpingo kwathu, ufa, mafuta ophikira ndi mapemphero anu zinafika pa nthawi yake. Atsikana a ku saluni, munasunga makasitomala anga n'kumanditumizira kangachepe. Eni nyumba, munadikira lendi osandinena. Bambo a kunyumba, munapirira usiku wosagona uja osadandaula. Zikomo nonse.

Alipo ena amene munasiya kundipatsa moni wa m'manja. Ena munabweza chakudya chochokera m'nyumba mwanga, ena munaletsa ana anu kusewera ndi wanga, mukuti ndi mphere, ena mpaka kutchula khate. Zinandipweteka kuposa zilonda. Matendawa sapatsirana. Alamu anga ankandidzoza mafuta ndi manja awo tsiku ndi tsiku, ndipo khungu lawo lili bwinobwino mpaka lero. Sindikusungirani chakukhosi, koma mudziwe kuti ndinaona.

Anzanga a m'masaluni a pa Machipisa ndi ku Mbare, ndikukupemphani ndi mtima wonse, musamapake dayi kapena rilakisa ndi manja osavala kanthu. Gulani magolovesi a nitrile, muvale atsopano pa kasitomala aliyense, mukavula muumitse manja bwino n'kudzola mafuta. Hena wakuda wojambulira pakhungu uja nayenso nthawi zambiri amakhala ndi PPD. Mukaona zala zikuyamba kuyabwa ndi kusupuka, pitani kuchipatala msanga zisanafike pamene zinafika zanga.

Alamu, ndabwereranso kwa inu chifukwa mtima sukukhutira. Sindinu wa magazi anga, munangokwatiwa kwathu, koma mwandichitira zimene akanachita mayi anga akanakhala pafupi. Ndilibe chokubwezerani. Ndikupempha Yehova akusungireni ana anu, akupatseni moyo wautali, ndipo tsiku limene mudzasowe wokugwirani dzanja, ine ndidzakhale woyamba kufika. Achimwene, mkazi ameneyu mumusamale.

Makasitomala anga, bwerani, kuluka ndi kumanga mesh ndayambiranso. Dayi ndiye ndasiyiratu, adokotala anandiletsa, chonde musandikakamize. Ofuna dayi akupakani atsikana, ndipo azivala magolovesi.