Zikomo nonse amene munadzutsa galimoto ya malemu achimwene

Loweruka lapitali tinakwatitsa mwana wathu kuno ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo anafika pakhomo la tchalitchi ali m'galimoto ya malemu bambo ake, monga anandipempha chaka chatha. Tsiku la ukwati munthu umangozungulira ngati nguli, moti ena sindinawapatse n'chanza chomwe. Ndiye ndati ndilembe pano, aliyense amve yekha kuti zimene anatichitira sizinagwe pansi.

Amene munkawadziwa achimwene mukukakumbukira kagalimoto kofiira kaja, ka mipando iwiri, ka nyali zotukuka ngati maso a chule. Ndi Eunos Roadster ya 1992, imene maiko ena amaitcha Mazda MX-5, ya injini ya 1.6. Anaigula yakale yochokera ku Japan nthawi imene ankagwira ntchito ku malasha ku Moatize. Anthu ankawafunsa kuti galimoto yosanyamula ngakhale matumba awiri a chimanga ndi yachiyani, iwo n'kumangoseka. Mwana wawoyu ndiye ankakhala pa mpando winawo miyendo isanayambe kufika pansi. Atatisiya, galimoto inakhala m'shedi zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Tsiku la chinkhoswe mwanayu anandiitanira pambali nati, "Bambo aang'ono, mdipiti wa magalimoto sindikuufuna. Mudzandiperekeze pa ya ababa." Ndinavomera pomwepo.

Alamu, ndiyambe ndi inu. Makiyi aja munawasunga m'chikwama cha m'manja zaka zonsezi, ndipo ndikudziwa kuti kuwatulutsa sikunali kopepuka. Zikomo pondikhulupirira.

Injini sinativute. Batire, mafuta atsopano, mapulagi ndi lamba, inalira. Chimene chinatsala pang'ono kutilanda moyo ndi miyendo yake. Kumbuyo inali itakhala pansi mbali imodzi, ndipo ukaikankha ndi dzanja inkangodumpha osaleka. Ndinatsikira ku Tete kukafuna masipuling'i, amene m'masitolo kumeneko amati mola. Wogulitsa wina, sindimutchula, anandionetsa ena afupiafupi opakidwa utoto wowala, nati galimoto yotere imakongola ikatsika ndi masentimita atatu, mashoko akalewo ndisawakhudze. Ndinamukhulupirira. Tinawamanga pakhomo ndi anyamata, ndipo kuyang'ana kokha inakongoladi.

Tsiku lachitatu ndinatuluka nayo pa msewu wopita ku Calómuè kuti ndiimve. Pali malo pamene tara anatitimira pang'ono, poti galimoto ina iliyonse imangodutsa. Ine nditafikapo ndinamva kumbuyo kuti gu, ngati wamenya ndi nyundo, kenako matayala akumbuyo anasiya msewu. Chiwongolero chinali m'manja koma galimoto sinkandimveranso. Ndinakathera m'ngalande chammbali, lamba atandifinya pachifuwa moti ndinatha masabata awiri ndikupuma movutika. Mpando winawo unali wopanda munthu tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikaganiza amene akanakhalapo, tulo timandithawa.

Inu abambo amene munkachokera kudimba ndi ngolo ya mbatata, simunandifunse kuti ndine wa kwa yani. Munatsitsa matumba anu pansi, n'kumasula ng'ombe, n'kumanga chingwe. Wamkulu wanu anagona m'matope kufuna pomanga polimba kuti tisathyole china. Nditatulutsa ndalama munakana, munangoti ndikapereke moni kunyumba. Mayina anu sindinawafunse chifukwa mutu unali usakugwira, koma wina akawerenga izi kumudzi kwanuko, akuuzeni kuti munthu wa kagalimoto kofiira uja sanaiwale. Chimodzimodzi mayi amene munabwera ndi madzi m'chikho n'kundikhazika pa chitenje chanu.

Tsopano a mesitiri, amakaniko athu. Pa inu ndichedwapo, chifukwa popanda inu nkhaniyi ikanathera m'ngalande muja. Galimoto itafika ku galaja kwanu simunandikalipire, ngakhale munali ndi chifukwa. Munamasula shoko imodzi yakumbuyo, n'kuiimika pansi, n'kuikankha ndi dzanja limodzi. Inangolowa ngati mpeni m'papaya, thupi lake lonse lili noninoni ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi. Munati, "Bambo, iyi inafa kale achimwene anu ali moyo."

Zimene munandiphunzitsa tsiku limenelo ndizilemba pano, mwina zingapulumutse wina. Sipuling'i ndi imene imasenza kulemera kwa galimoto, ndiponso ndi imene imanena kuti galimoto italike bwanji kuchoka pansi. Shoko sisenza kanthu. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumpha, ndipo imatero pokankha mafuta kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono m'kati mwake. Mafuta akatha, sipuling'i imatsala yokha yopanda woigwira, tayala n'kumadumpha m'malo mogwira msewu. Ine ndinaika sipuling'i yolimba kuposa yoyamba pa shoko yakufa. Chinanso, galimoto za mtundu umenewu kumbuyo kwake mpata woti tayala likwere ndi wochepa chibadwire. Ukaitsitsa, mpata wotsalawo umatha, ndipo galimoto imakhala pa kamphira kakang'ono kamene kanaikidwa kuti kazitchinga zitsulo zisagundane. Timphira tathu tinali titafumbutuka ngati mkate wouma. Gu amene ndinamva uja chinali chitsulo kumenya chitsulo.

Kusankha zatsopano kunatitengera mwezi wathunthu. Apa ndithokoze mphwanga amene amaphunzira ku Lilongwe, amene usiku uliwonse ankafufuza pa intaneti n'kumanditumizira pa WhatsApp zimene wapeza, atazimasulira m'chinenero chathu. Iwe mwana, mayunitsi ako anathera pa ine. Ndiwe unatiuza kuti tisagule kanthu tisanawerenge nambala ya chasisi, chifukwa za galimoto zoyamba zija, za 1989 mpaka 1997, n'zosiyana ndi za mtundu umene unatsatira mu 1998. Yathu imayamba ndi NA6CE. Unatiuzanso kuti masipuling'i akutsogolo ndi olimba kuposa akumbuyo, sasinthanitsidwa.

Mayina a mashoko amene ankabwerabwera anali atatu. Bilstein, imene galimoto zina za mtunduwu zinkatuluka nayo kufakitale, yolimba, yokoma pa msewu wosalala. Koni, imene umatha kuifewetsa kapena kuilimbitsa potembenuza pamwamba. Ndi KYB ya ku Japan, yopangidwa kuti ifanane ndi imene galimoto inabadwa nayo. Panalinso zija zobwera sipuling'i ndi shoko pamodzi, zoti umakweza ndi kutsitsa galimoto mmene wafunira, ndipo sindibisa, mtima wanga unali kumeneko. A mesitiri munangondifunsa funso limodzi: "Kodi muzikaiyendetsa kuti?" Ndinayamba kuwerenga: mahampu a m'tauni muno, msewu wafumbi wopita kumudzi, mizere imene mvula imakumba mu Januwale, maenje a pa msewu wotsikira ku Mussacama. Palibe ndi malo amodzi omwe ofuna galimoto yogwada. Munati galimoto yosafika ngakhale tani imodzi sifuna miyendo ya lole, imafuna sipuling'i yofewa yoti tayala lizitsata nthaka, ndi shoko yamoyo yoigwira. Tinagwirizana za masipuling'i a msinkhu wake woyamba, mashoko a KYB anayi onse, timphira tatsopano, zovindikira fumbi, ndi mphira za pamwamba pomwe shoko imamangidwa ku thupi la galimoto. Nditafuna kusintha akumbuyo okha kuti ndalama ichepe, munakana. Munati akutsogolonso ndi akale chimodzimodzi, ndipo galimoto yogwira kumbuyo koma yodumpha kutsogolo idzandibwezera m'ngalande. Lero ndikuvomereza ndi mtima wonse.

Ndalamayo inachokera kuti? Mayi a kunyumba, mbatata ya kachewere imene tinakolola chaka chino munaiwerengera malata a khitchini. Munandiyang'ana nthawi yaitali, kenako munati, "Mwanayo ndi wathu. Malata adzabwera chaka cha mawa." Khitchini ikudonthabe, ndipo ngongole imeneyo ndikuidziwa.

Katundu anapezeka ku Johannesburg. Achimwene a lole, inu amene timapemphera limodzi, munanyamula makatoni aja kuseri kwa mpando wanu kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, mpaka kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende. Pa chipata chilichonse munkanditumizira uthenga kuti katundu ali bwino. Munalipira za kasitomu ndi ndalama zanu n'kudikira kuti ndikubwezereni. Ndi kondakitala wa chapa, minibasi ija, amene anawakweza kuchokera ku Tete atawakhazika pamiyendo kuti asaponderezedwe ndi matumba, zikomo mwana wanga.

Kumanga kunatenga masiku awiri, ndipo ndinakhala pambali n'kumaonerera. Sipuling'i munaifinya ndi chida chake, osati mawaya amene ife tinagwiritsa ntchito pakhomo. Munandionetsa chipsera pa mkono wanu kuti ndidziwe chimene sipuling'i yofinyidwa imachita ikapulumuka. Mkono umodzi wachitsulo wapansi, wogwira tayala, umene unapindika m'ngalande munausintha. Chimene sindidzaiwala n'chakuti mabawuti a mikono simunawalimbitse galimoto ili pa jeke. Munaitsitsa kaye kuti ikhale pa matayala ake, n'kuigwedeza, kenako n'kukwawira pansi ndi sipanala. Wophunzira wanu atafunsa, munati ukalimbitsa ili m'mwamba, mabushi, mphira za m'mikonoyo, amapotoka galimoto ikatsika ndipo sachedwa kung'ambika. Ine ndinali ndi changu chifukwa masiku anali atatha, inu munangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Titamaliza munandituma ku Tete kukawongola matayala pa makina, ulendo wa makilomita opitirira 200, ndipo munandilamula kuti popita ndiyende ngati ndanyamula mazira.

Pobwerera ndi pamene ndinaimva. Kuchoka m'kutentha kwa Tete, kudutsa Moatize kumene mwini wake ankagwira ntchito, kukwera mpaka mphepo yozizira ya kwathu kuno inayamba kundiwomba kumaso. Pa bampu iliyonse inkatsika kamodzi, kukwera kamodzi, n'kukhazikika. Pa makona inkapita kumene ndailozera. Ndinaima pambali pa msewu n'kulira, chifukwa umu ndi mmene inkayendera achimwene akundipatsa chiwongolero.

Loweruka m'mawa tinatsitsa denga. Diresi linadzaza mpando wonse mpaka pa giya, azakhali ake akulipinda uku ndi uku, amayi akululuta kumbuyo. Tisananyamuke mwanayu anaika dzanja pa dashibodi, pamalo pamene bambo ake ankamenyapo ndi zala akamaimba, osanena kanthu. Pa hampu ya pafupi ndi msika ndinachepetsa liwiro mtima uli m'mwamba, galimoto inakwera n'kutsika osakhudza pansi, maluwa ali m'manja mwake osagwedezeka.

A mesitiri, ku ukwati simunabwere chifukwa munali pansi pa thirakitala ya munthu wina. Nyama yanu tinakusungirani. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ndidzakutengani, tipite mpaka ku Calómuè, mudzayendetse ndinu podutsa pamalo paja.