Yoke kapena DIN: pomwe ndafika pa nkhani ya valavu

Pa zida zanga zosambirira pansi pa madzi panatsala kusankha kalumikizidwe ka regyuleta (chida chopumira mpweya wa m'thanki) ndi thanki, pakati pa mitundu iwiri, yoke ndi DIN. Tsopano ndatsimikiza: ndatenga DIN ya 300 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), ndipo adaputa yolumikizira DIN ku valavu ya yoke izikhala m'chikwama nthawi zonse.

Pophunzira ndinkagwiritsa ntchito yoke, yomwe ena amaitcha A-clamp kapena INT, poti ndiyo ili pa matanki ambiri obwereka, makamaka aja a aluminiyamu a malita 11 odzazidwa mpaka 207 bar. Umaiveka pamutu pa valavu, n'kumanga chogwirira chakumbuyo mpaka pakamwa pa regyuleta patapana kamphira kozungulira kaja, O-ring. Siivuta kumanga ngakhale boti likugwedezeka, ndipo anthu ambirimbiri amasambira nayo bwinobwino tsiku ndi tsiku.

Chimene chandikoka ine ndi malo amene kamphirako kamakhala. Pa yoke, O-ring ndi ya thanki. Yawombedwa ndi dzuwa, yamwa madzi amchere, yapanidwa ndi maregyuleta a anthu amene sindiwadziwa n'komwe. Imakhala poyera pankhope ya valavu, moti ikauma kapena kung'aluka, mpweya umatha kuitulutsira m'mbali. DIN, yomwe dzina lake likuchokera ku bungwe loona za miyezo la ku Germany, ili ndi mazinga a G5/8 amene umapotokolera m'kati mwenimweni mwa valavu. O-ring yake imakhala kunsonga kwa regyuleta yanga, ndipo ukamanga imatsekeredwa ndi chitsulo mbali zonse, ilibe kothawira. Ndimaiyang'ana ndekha ndisanamange, ikatopa ndimaisintha ndekha. Chinthu chimene chikusunga mpweya wanga ndili pansi pa mamita 18 ndikufuna ndizichidziwa mbiri yake. Mpake kuti olowa m'mapanga ndi m'zombo zomira amakonda DIN. Kumbuyo kwake kulibenso chogwirira chotuluka choti n'kugunda denga kapena kukola chingwe.

Za 300 bar zija zili ndi chifukwa chake. Yoke imalekezera pa 232 bar. DIN ilipo ya mitundu iwiri, ya mazinga asanu ya 232 bar ndi ya mazinga asanu ndi awiri ya 300 bar. Regyuleta ya mazinga asanu ndi awiri imalowa m'mavalavu onse awiri, pamene yaifupi ija ukaiika m'valavu ya 300 bar siifika pansi, mpweya umangotayika. Anachita kupanga dala choncho, kuti chida chisalandire mphamvu ya mpweya yoposa msinkhu wake. Koma musakopeke kwambiri ndi nambalayo: mpweya ukapanikizika kufika pamenepo suloleranso kufinyika monga poyamba, ndiye umene umalowa m'thanki umachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi umene masamu wamba angakuuzeni.

Mavalavu ambiri a 232 bar ali ndi kachitsulo kapakati kochotseka. Ukakamasula ndi kiyi wa Allen, kawirikawiri wa mamilimita 8, valavu ya yoke imasanduka DIN pomwepo. Ndimayamba ndapempha mwini thanki, ndipo ngati mchere wakagwira kolimba sindikakamiza, ndimangotulutsa adaputa.

Adaputayo ndaiyesa m'madzi osaya. Imagwira ntchito, koma imatalikitsa regyuleta, moti ndikadzutsa mutu ndimaimva pankhongo. Kutsitsa thanki pang'ono pa lamba wa BCD, jekete lonyamulira thanki ndi kuthandiza kuyandama, kwathandiza. Dziwaninso kuti ukaika adaputa wabwerera pa O-ring ya thanki, ubwino uja wa DIN wautaya pa ulendo umenewo. N'chifukwa chake m'kabokosi kanga muli timphira ta mitundu yonse iwiri, poti kukula kwake n'kosiyana.

Pali zina ziwiri zimene ndazilemba pachivundikiro cha buku langa. Ku Ulaya, matanki a nitrox (mpweya wowonjezeredwa okosijeni) wa okosijeni woposa 22 peresenti amatha kukhala ndi valavu ya M26x2 motsatira muyezo wa EN 144-3, ndipo DIN wamba siilowamo. Chachiwiri n'choopsa kwambiri, ngakhale sichikhudza regyuleta: pakhosi pa thanki pamakhala mazinga a M25x2 kapena a 3/4 NPSM, ndipo amafanana zedi mwakuti valavu ya M25x2 imalowa m'khosi la NPSM ngati yakwana, n'kudzafwamphuka podzaza mpweya. Kusintha valavu ndi ntchito ya mmisiri wophunzira, osati ya pakhonde.

Chotsatira ndikufuna kuzolowera kumanga DIN nditavala magolovesi okhuthala, chifukwa kupeza poyambira mazinga zala zitazizidwa kumafuna kufatsa kuposa pa yoke.