Thanki yosefera madzi sinadonthe

M'mawa uno ndagwira nyuzipepala imene ndinayala pansi pa thanki ija ndinapanga ndi acrylic (pulasitiki woonekera ngati galasi), yosefera madzi ochokera mu thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo ndaipeza youma ngakhale kuti thankiyo yagona yodzaza mpaka pakamwa. Mtima wanga wakhala pansi tsopano.

Amene mukufuna kupanga yanu, chonde musadalire silicone (guluu wonga mphira) pomata acrylic, chifukwa silicone amagwira bwino pa galasi koma pa pulasitiki wotereyu amamatuka pakapita nthawi. Ine ndinagwiritsa ntchito Weld-On 4, mankhwala amadzimadzi amene amayenderera okha pakati pa zidutswa ziwiri n'kusungunula m'mbali mwake mpaka zisanduke chinthu chimodzi. N'chifukwa chake ndinadekha popala m'mbalimo kuti musalale, pakuti mankhwalawa satseka mpata ngakhale waung'ono.

Pamwamba ndasiya malo okwanira kuti magetsi akazima, pampu n'kuima, madzi obwerera kuchokera mu thanki ya nsomba asasefukire m'nyumba. Chatsala ndi kusungunula mchere wake, pafupifupi magalamu 35 pa lita, komanso kuika chotenthetsera madzi, popeza nsomba zimenezi zimafuna madigiri 25 pomwe kuzizira kwa kuno ku Dedza mu Juni mukukudziwa nonse.