Zaka za Gitala ndi Mawu Ake: Sabata Imodzi pa Benchi ku Ulongwe

Lolemba m'mawa kachipangizo koyezera chinyezi kamene kali pakhoma la shopu yathu yokonzera magitala kankawerenga 31 peresenti. Uno ndi Okutobala, ndipo ngakhale kuno ku Ulongwe tili pamtunda pozizirirako, mpweya wauma kale. Gitala imakhala bwino chinyezi chikakhala pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Eni magitala amene anafika sabata ino ankafunsa ngati zaka ndi kuyimba kawirikawiri zimakometsa mawu a gitala, koma matenda ambiri anali ochokera pa nambala ya pakhomayo.

Yoyamba inachokera mumzinda wa Tete pa chapa, itakulungidwa m'kapulana. Ndi ya kwaya ya tchalitchi china, ndipo yapitirira zaka 30. Katekisiti amene anainyamula anati, "Amisiri, anthu amati gitala ikakalamba ndi pamene imakoma. Nanga yathuyi yasasiranji mawu?"

Poyankha funso lotere timayambira pa thabwa la pamwamba, lomwe timalitcha nkhope. Ndilo limatulutsa mawu ambiri. Mu 1862 mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala ya msana ndi m'mbali za mapepala oumba, nkhope yokha ndiyo inali ya mtengo wabwino, pofuna kuonetsa zimenezi, ndipo gitalayo ikusungidwa mpaka lero ku Barcelona. Tsono muyenera kudziwa ngati nkhope ndi thabwa lenileni kapena pulayi. Yang'anani m'mphepete mwa bowo lozungulira lija. Mizere ya mtengo ikatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa thabwa osaduka, ndi thabwa lenileni. Mukaona timagawo titatu tosanjikizana ngati masamba a buku, ndi pulayi. Ya kwayayi inali ya mtengo wakunja wotchedwa spruce, thabwa lenileni, lokhuthala pafupifupi mamilimita atatu.

Thabwa lotere limasinthadi ndi zaka. Mu mtengo muli zinthu zitatu zikuluzikulu zoupanga: cellulose, lignin ndi hemicellulose. Hemicellulose ndi amene amakoka chinyezi kwambiri, ndipo amaphwanyika pang'onopang'ono zaka zikamapita. Utomoni wa m'thabwa nawo umauma n'kulimba. Zikatero thabwa limapepukirako, silimwanso chinyezi chambiri ngati kale, ndipo nsambo ikakhudzidwa limayankha msanga osameza mawu. Izi zimatenga zaka makumi, osati miyezi. Pulayi sasintha kwenikweni, chifukwa timasamba take tinamatidwa mopingasana ndipo guluu anatimanga kale. Komabe musamunyoze. Sang'aluka wamba, ndipo kwa kwaya ya kuchigwa cha Zambezi imene gitala yake imagona pansi pa denga la malata, pulayi ndi amene ndingalangize.

Ya katekisitiyi zaka zinali zitaikometsa, koma chilimwe chinaing'amba. Kuchokera kuseri kwa buliji, kathabwa ka pankhope komangirapo nsambo, kutsikira kumatako kunali mng'alu wa masentimita 11. Thabwa likauma limafota m'lifupi, pamene timitanda ta mkati timene tinamatidwa mopingasa sitifota nalo, ndiye limang'ambika motsatira mizere yake. Titagogoda nkhope ndi chala, mbali imodzi inkamveka phwephwe. Galasi laling'ono ndi tochi m'bowo zinaonetsa kamtanda kamodzi katamatuka kumapeto. Kusasa kuja kunkachokera pamenepo.

Mng'alu wouma sitiumata tsiku lomwelo. Timamasula nsambo, n'kuika siponji yonyowa koma yofinya bwino m'kabokosi ka sopo koboola timabowo, kabokosiko n'kukaika mkati mwa gitala, kenako gitala yonse m'thumba lalikulu la pulasitiki lomanga pakamwa. Madzi asakhudze thabwa. Masiku atatu kapena anayi mng'alu umadzitseka wokha. Amene amathamangira kuthiramo supa guluu mng'alu uli yasa amautsekera pomwepo, ndipo mvula ikabwera mu Disembala thabwa likafufuma, limasowa kolowera n'kutukuka pambali.

Lachiwiri ntchito inali yaifupi. Mnyamata wa ku Domwe anabweretsa gitala ya zaka ziwiri, akuti yafa mawu isanakalambe n'komwe. Nsambo zake zinali zitatha chaka ndi miyezi iwiri, zakuda bii pakati pa mawaya okulungawo. Thukuta ndi litsiro zikalowa m'menemo nsambo imalemera mosafanana, imasiya kulira nthawi yaitali, ndipo siichunikanso bwino mukakwera mafuleti a kumunsi, timizere tachitsulo ta pakhosi tija. Tinaika zatsopano za .012 mpaka .053 (kunenepa kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu, m'mainchi) ndipo gitala inadzuka pomwepo. Woyimba tsiku lililonse azisintha nsambo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo azizipukuta ndi kansalu kouma akamaliza kuyimba. Kusiyana kwa nsambo zakale ndi zatsopano n'kwakukulu kuposa kumene zaka zingapo zingabweretse pa nkhope, choncho musaweruze gitala nsambo zili zakufa.

Madzulo ake kunabwera ina ya nsambo za nayiloni imene munthu anaiveka zachitsulo. Vutoli timaliona pafupifupi mwezi uliwonse, chifukwa zachitsulo ndi zimene zimapezeka msanga m'misika. Nayiloni zonse sikisi zimakoka pafupifupi makilogalamu 40, pamene zachitsulo za .012 zimakoka oposa 70. Gitala ya nayiloni timitanda take n'topyapyala, ndipo zambiri zilibe chitsulo cha m'khosi cholimbitsira ndi kuwongolera khosilo. Iyi buliji inali itadzuka kale moti pepala linkalowa pansi pake.

Lachitatu ndi pamene nkhani ya kuyimba inafika pa benchi. Sukulu ina ya mishoni inatumiza magitala awiri a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, onse a nkhope ya thabwa lenileni. Ina imayimbidwa kangapo pa sabata, ina yakhala m'kabati. Mphunzitsi anati, "Bambo, tamvani nokha. Yoyimbidwayi ili ndi moyo, inayi ndi bubu." Ankanena zoona. Koma tiyeni tione chimene chinaichititsa bubu.

Ya m'kabati inali ndi nsambo zadzimbiri zimene inabwera nazo kusitolo. Khosi lake linali litapindika, moti titapanikiza nsambo yaikulu pa fuleti yoyamba ndi ya 14, mpata wa pakati pa nsamboyo ndi fuleti ya 7 unali milimita 0.6 m'malo mwa 0.2 kapena 0.25. Mkati munali nkhungu ya dzinja lapita ndi chisa cha mavu oumba dothi chitamatirira pa nkhope. Tinachotsa chisacho, n'kupukuta nkhungu, n'kupotokola chitsulo cha m'khosi kotala imodzi, n'kudikira maola angapo tisanapotokolenso kotala ina. Musapotokole kwambiri nthawi imodzi, ndipo chikalimba musachikakamize, chifukwa chikathyokera mkati ntchito yake ndi yodula kuposa magitala ambiri amene tili nawo kuno. Titaveka magitala onse nsambo zofanana zatsopano, mphunzitsi atatembenukira kukhoma, anasokoneza kawiri pa maulendo asanu kuti ikulira ndi iti. Kusiyana kunalipobe pang'ono, koma matabwa awiri, ngakhale ochokera mumtengo umodzi, salira chimodzimodzi chiyambire.

Oyimba ambiri ndi amisiri odziwa ntchito amalumbira kuti kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumamasula nkhope. Akatswiri atayesa, umboni wake sunaoneke bwino. Ku Sydney, m'dziko la Australia, anapanga mavayolini awiri a matabwa ofanana, ina n'kuipereka kwa woyimba, ina n'kuisunga m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Patatha zaka zitatu, malinga ndi zimene anasindikiza mu 2005, oyimba ndi omvetsera sanapeze kusiyana kodalirika. Mu 2014 gulu lina ku America linagwedeza magitala ndi kamakina kogulitsidwa kaamba ka ntchito yomweyo, n'kuwayerekeza ndi ena osagwedezedwa, ndipo silinapezenso kusintha kochokera ku kamakinako.

Maganizo anga ndi awa. Gitala yatsopano imasinthadi m'miyezi yoyambirira, chifukwa nkhope ikuzolowera kukokedwa ndi nsambo, vanishi akupitiriza kuuma, ndipo matabwa akugwirizana ndi mpweya wa kumene yafikira. Izi zimachitika ngakhale muiyimbe pang'ono, bola ikhale yochunidwa. Phindu lalikulu la kuyimba kawirikawiri lili kwina. Gitala yoyimbidwa imasinthidwa nsambo, imatuluka m'thumba n'kupuma, ndipo kamtanda kakayamba kumatuka mwini wake amamva sabata yomweyo. Dzanja nalo limaphunzira pamene gitala imeneyo imalira bwino, kaya pafupi ndi bowo kapena chakubuliji, ndi mphamvu imene imafuna. Woyimba akati yatseguka, mbali ina ndi zala zake zimene zaidziwa. Zimenezi sindizichepetsa. Ndi zimene omvetsera amamva Lamlungu.

Lachinayi tinaona mbali ina ya ukalamba, imene ogulitsa magitala akale satchula. Nsambo zimakoka usana ndi usiku, ndipo mtengo umagonja pang'onopang'ono. Kuseri kwa buliji nkhope imatukuka ngati kamimba, kutsogolo kwake imalowa, ndipo khosi limaweramira ku bowo. Ya bambo wina wa ku Moatize inali yotero. Pa fuleti ya 12 nsambo yaikulu inali mamilimita 4.5 kuchokera pa fuleti, pamene timafuna pafupifupi 2.5 pa yaikulu ndi 2 pa yaing'ono.

Muyeso wake ndi uwu. Gonekani rula yachitsulo yaitali pamwamba pa mafuleti, muikankhire ku buliji. Nsonga yake iyenera kufika cha pamwamba pa thabwa la buliji. Iyi inkagunda mamilimita atatu pansi pake. Kutsitsa nsambo ndi theka la milimita pa fuleti ya 12 kumafuna kupala milimita yathunthu pansi pa kafupa ka pa buliji kamene nsambo zimakhalapo, ndipo apa kafupako kanali katapalidwa kale ndi ena mpaka kutsala pang'ono kumira. Kafupa kakafupika chonchi nsambo sizikadinikiza mokwanira, ndiye mawu amachepa ndi kuuma. Mwini wake ankati gitala yatopa ndi zaka. Thabwa silinatope. Chofunika ndi kuzula khosi pogwiritsa ntchito nthunzi, kusema pang'ono chidendene chake, pamene limalumikizana ndi thupi la gitala, n'kulibwezera pa ngodya yoyenera. Ndi ntchito ya masiku angapo, yoyenera gitala ya thabwa lenileni yokha. Pa ya pulayi yotchipa ndalama zake zimaposa mtengo wa gitala.

Chimene chinafulumizitsa zonsezi ndi kutentha. Ku Tete ndi ku Moatize miyezi ino kumadutsa madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka yoima padzuwa mumatentha koposa pamenepo. Guluu woyera wa akalipentala ndi anzake amafewa akatenthedwa, nsambo n'kumakoka buliji ndi khosi pang'onopang'ono, kenako kukazizira guluuyo amaumira pamalo olakwikawo. Masana amodzi otere amawononga zimene zaka 20 zinakonza. Paulendo wa chapa masulani nsambo pang'ono, ndipo gitala muikhazike pamiyendo, isakwere padenga.

Tsiku lomwelo madzulo tinatsegula thumba la gitala ya kwaya. Mng'alu unali utatsekeka moti chikhadabo sichinkakodwa. Tinapakamo guluu wa matabwa, tikukankha nkhope pang'ono kuchokera mkati kuti alowe mpaka pansi, n'kupukuta wotsala ndi kansalu konyowa, n'kupana. Ukanakana kutsekeka tikanasema kachidutswa kopyapyala ka spruce n'kukalowetsamo.

Lachisanu m'mawa tinamata kamtanda kaja, n'kuikanso tizigamba titatu ta spruce mkati modutsa mng'alu, kalikonse sentimita imodzi mbali zonse, mizere yake yopingasana ndi ya nkhope. Tikhale tating'ono ndi topyapyala. Chigamba chachikulu chimalemeretsa nkhope n'kupha mawu amene mukufuna kupulumutsa.

Kalipentala woyandikana nafe anafunsa ngati n'zoona kuti azungu amaphika matabwa kuti akalambe msanga. N'zoona. Amawatenthetsa m'ng'anjo yopanda okosijeni wokwanira kuyatsa moto, hemicellulose n'kuphwanyika m'maola ochepa, thabwa n'kuderako ngati lakale. Kampani ya Martin imatcha njira yake VTS, ya Yamaha ili ndi ina yofananako yotchedwa A.R.E. Koma amatero thabwa lisanamatidwe, kutentha ndi mpweya zikuyezedwa. Kuika gitala padzuwa kapena pafupi ndi mbaula n'kuiphika guluu basi. Kwa iye amene akufuna kuyamba kupanga magitala, matabwa a msana, m'mbali ndi khosi tili nawo. Mbawa ndi m'bale wa mahogany ndipo mafakitale akunja amaigwiritsa ntchito. Phingo ndi wa banja la rosewood, wolemera ndi wolimba, wabwino pa buliji. Chachikulu n'kuwaumitsa pamthunzi, atasanjikwa ndi timitengo pakati, chaka kapena kuposa, chifukwa thabwa laliwisi likalowa m'gitala limafota ndi chilimwe choyamba.

Loweruka masana, guluu atagona maola oposa 24, tinaveka ya kwaya nsambo za .011 m'malo mwa .013 zimene inabwera nazo, kuti nkhope yakaleyi ipepukidwe. Kusasa kunatha. Nsambo zazikulu zinkatuluka msanga ndi mawu ouma bwino, osachita kuzimenya, ndipo apa ndi pamene zaka 30 zija zinamveka. Katekisiti anaiyesa nyimbo imodzi ya Misa, n'kufunsa kuti aziisunga bwanji.

Ndinamuyankha kuti, "Aphunzitsi, kabokosi ka sopo aka mutenge. Siponji muziinyowetsa kawiri pa sabata, muziifinya, n'kuika m'thumba la gitala mpaka mvula yoyamba. Mvula ikagwa mukachotse, apo ayi mudzabwera ndi nkhungu. Isagone m'chipinda cha malata chopanda siling'i, ndipo isatsamire khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana. Pa chapa muikhazike pamiyendo."

Anaikulunganso m'kapulana, kabokosi ka sopo anakaika m'thumba la malaya.